Kutolera maloboti akale osanduka aja osadziwika: poyambira, pogula ndi kasungidwe kake

Mukangotchula zoti mumatolera zidole za maloboti osanduka galimoto, aliyense amathamangira kwa Optimus Prime ndi Bumblebee basi. Koma kumbuyo kwa maina awiri atatu otchukawo kuli zidole zambirimbiri za m'ma 1970 ndi m'ma 1980, zina zinapangidwa ndi makampani oti anagwa kalekale, zina zinagulitsidwa m'dziko limodzi lokha kwa kanthawi kochepa, zina ndi zokopera zoti olo dzina la fakitale palibe, ndipo kwa ine kukoma kwa ntchitoyi kuli kumeneko. Vuto lake ndi loti kumeneko ndi komwenso ndalama imathera msanga, chifukwa bokosi nthawi zambiri linatayika ndipo ogulitsa ambiri nawonso sadziwa chomwe agwira m'manja, ena amakweza mtengo wa chinthu wamba, ena amagulitsa motchipa chinthu chosowa. Nde chomwe ndikufuna mugwire pa zonse ndilembe apa ndi ichi: yambani mwadziwa chikombole, dzina la pa bokosi lizibwera pambuyo.

Nkhani ya chikombole

Chidole chilichonse cha pulasitiki kapena chachitsulo chimaumbidwa mu chikombole, ndipo chikombole cha loboti yosanduka ndi chodula zedi kuchipanga chifukwa tiziwalo timachuluka ndipo tiyenera kulowana ndendende. Ndiye makampani a nthawi imeneyo ankabwerekana zikombole, kugulitsana, kutengera kampani ikagwa, ena kumangokopera popanda chilolezo. Zotsatira zake loboti imodzimodziyo mungaipeze ndi maina anayi kapena asanu, mitundu yosiyana, mabokosi a zilankhulo zosiyana, ndipo mitengo yake imatha kutalikirana kwambiri ngakhale thupi lake ndi lomwelo.

Tiyambe ndi ku Japan chifukwa zambiri zinachokera uko. Kampani ya Takara inatulutsa Diaclone mu 1980, ndipo mu 1982 anawonjezera gulu la Car Robot, magalimoto ooneka ngati enieni osanduka maloboti, okhala ndi kadalaivala kakang'ono ka maginito kumapazi. Mu 1983 anatulutsanso Micro Change pansi pa gulu lawo lina la zidole lotchedwa Microman, umu munali zinthu za m'nyumba monga kaseti, mfuti, kamera ndi timagalimoto ting'onoting'ono. Anthu a Hasbro, kampani ya zidole ya ku America, ataziona ku Tokyo Toy Show mu 1983 anatenga magulu awiriwa nkuwaphatikiza kukhala Transformers mu 1984. Optimus Prime anali Battle Convoy wa Diaclone, Soundwave anali Cassette Man, Megatron anali mfuti ya Walther P-38 ya Micro Change. Izi ambiri amazidziwa. Zomwe ambiri sadziwa ndi zoti mitundu yoyambirira inali ina, Ironhide analipo wakuda, Sunstreaker analipo wofiira komanso wapolisi, Tracks anali wofiira, Bluestreak analipo wabuluu ngati mmene anajambulidwira pa bokosi la Hasbro pomwe mkati mwa bokosilo munkakhala wasiliva. Mukaona Ironhide wakuda pa chithunzi cha zidole zosakaniza musamangoti ndi feki, yang'anitsitsani kaye.

Komanso si onse a Transformers anachokera kwa Takara, apa mpomwe zimayamba kukoma. Jetfire wa 1985 ndi VF-1S Valkyrie ya m'katuni ya ku Japan ya Macross yomwe inapangidwa ndi Takatoku Toys, kampani yomwe inagwa mu 1984 zikombole zake zina nkupita kwa Bandai, kampani ina ya zidole ya ku Japan. Roadbuster ndi Whirl anachokera ku gulu la zidole la Dorvack, ma Deluxe Insecticons ku gulu la Beetras, onsewa a Takatoku yomweyo. Shockwave anali Astro Magnum wa ToyCo, wotuwa osati wapepo, ndipo Radio Shack inamugulitsanso ndi dzina loti Galactic Man. Omega Supreme anali Mechabot-1 wa Toybox, ku UK anatulukanso ngati Omegatron wa Grandstand. Nde taonani, munthu mutha kusankha chikombole chimodzi chokha, mwachitsanzo cha Shockwave, nkutha zaka mukusaka abale ake onse ndi zokopera zake, ndipo shelefu yanu ikhala ndi nkhani yomveka kuposa ya munthu amene wangogula chilichonse chomwe wachiona.

Mbali inayo kuli Machine Robo ya Popy, nthambi ya Bandai, yomwe inayamba mu 1982, timaloboti tating'ono tachitsulo tomwe tinkagulitsidwa 600 yen nchifukwa chake otolera amati 600 Series. Tonka inatitenga nkutitcha GoBots ku America mu 1983, ku Ulaya tinali Robo Machine, ku Australia Machine Men. Cy-Kill ndi Bike Robo MR-01, Leader-1 ndi Eagle Robo MR-25. Anthu ambiri amatinyoza timenetu koma ine ndimatikonda kwambiri, chitsulo chake ndi cholemera bwino m'manja, magalimoto ndi ndege zake zimafanana ndi zenizeni, ndipo kwa munthu woyamba kumene ndi poyambira pabwino chifukwa nambala ya MR imakhala yodindidwa pa tambiri ndipo simungasochere.

Sankhani ngodya imodzi

Musayambe ndi mtima woti mutolera zonse, simungathe ndipo mutopa msanga. Sankhani ngodya imodzi nkuidziwa bwinobwino. Mutha kutenga za dziko limodzi, monga Diaclone ya Joustra ya ku France yomwe mabokosi ake ali ndi zojambula zakezake zokongola kwambiri, kapena Trasformer ya GiG ya ku Italy, kapena timagalimoto ta Estrela ta ku Brazil, Antex ya ku Argentina, IGA ya ku Mexico, El Greco ya ku Greece, awa ankapanga ndi chilolezo koma mitundu ankasankha okha nde mupeza Bumblebee kapena Cliffjumper wa mtundu woti ku America sanatulukeko. Pali kagalimoto kena ka Mazda Familia ka Micro Change komwe ku America kanapakidwa pa makadi a Cliffjumper popanda dzina lakelake, otolera anangokatcha Bumper kapena Bumblejumper, koma Estrela inakagulitsa ndi dzina loti Sedan m'mitundu ingapo. Tinthu ngati timeneti ndi tomwe timapangitsa munthu kukhala pa kompyuta mpaka usiku.

Kapena mutha kutenga magulu omwe anapikisana ndi Transformers nkugonja, Convertors a Select, Zybots a Remco, Diakron ndi Kronoform omwe Takara inayesa kugulitsa yokha ku America, Rock Lords a Tonka a 1986 omwe amasanduka miyala, Changeables a McDonald's a 1987, 1989 ndi 1990. Ngati thumba likulola ndipo mumakonda chitsulo, pitani ku Chogokin, gulu la zidole zachitsulo la Popy, kumeneko kuli Raideen wa 1975 yemwe ambiri amamuwerenga ngati chiyambi cha zidole zosanduka, kuli Gold Lightan wa 1981 wosanduka laita, kuli GoLion wa 1981 yemwe anadzakhala Voltron wa Matchbox, ndi mabokosi a Godaikin omwe Bandai inkagulitsa kunja kwa Japan. Kuli Legioss ya Mospeada ya Gakken. Ndipo kuli zokopera za ku Taiwan, Hong Kong ndi Korea za m'ma 80, monga za Four Star, zomwe lero zili ndi otolera akeake ndipo zina ndi zosowa kuposa oliginolo. Ine sindiona vuto kutolera zokopera zakale bola mukudziwa kuti ndi zokopera ndipo mukamadzagulitsa munene zoona.

Mukasankha, musagule kanthu kaye. Khalani masabata angapo mukungoyang'ana zithunzi, makatalogi akale omwe anthu anaika pa intaneti, masamba ngati TFWiki ndi CollectionDX, mavidiyo a anthu akusintha chidolecho pa YouTube. Lembani mndandanda wa gulu lanulo, dzina kapena nambala, mitundu yomwe inatuluka, ndi tizinthu tonse tomwe timayenera kukhalapo. Mndandanda umenewu uzikhala mu foni, udzakupulumutsani kangapo.

Kuwerenga chidindo

Chinthu choyamba mukagwira loboti yakale, kapena mukamapempha zithunzi kwa wogulitsa, ndi chidindo. Chimakhala kunsi kwa galimoto, kuseri kwa mwendo, mkati mwa chitseko kapena pansi pa phazi, tizilembo tating'ono toumbidwira mu pulasitiki kapena m'chitsulo, dzina la kampani, chaka ndi dziko. Ngati palembedwa Takara ndi Japan basi opanda Hasbro, mwina ndi Diaclone, Micro Change kapena Transformers zoyambirira zenizeni, chifukwa dzina la Hasbro linawonjezeredwa pambuyo pake. Ma Jetfire ena oyambirira ali ndi chidindo cha kampani ya Matsushiro, enawo cha Bandai. Mukaona kabokosi kotukuka pomwe panayenera kukhala mawu, ndiye kuti mawu akale anafufutidwa pa chikombole, izi zimachitika fakitale ikasamukira dziko lina, ndipo zimapezekanso pa zidole zina zopangidwa kunja kwa Japan ndi chilolezo, nde musathamangire kuweruza. Chenjezo lalikulu, chaka cha pa chidindo ndi chaka cha umwini wa kapangidwe, si chaka chomwe chidole chanucho chinatuluka mu fakitale. Chidole chobwereza cha m'ma 2000 chitha kukhala ndi 1980 kapena 1984 pansi pake.

Kenako kasitika kotikita kaja, komwe mukakatikita ndi chala kamatentha nkuonetsa chizindikiro cha Autobot kapena Decepticon, magulu awiri odana a Transformers. Hasbro inayamba kukamata mu 1985 pofuna kusiyanitsa zake ndi zokopera, nde za 1984 zilibe ndipo otolera amati pre-rub. Koma kasitika kamamatuka komanso katsopano kamagulitsidwa, ndiye musadalire iko kokha, onani ngati pali kamalo kolowa mkati komwe kanakonzedwera sitikayo ndipo fananitsani ndi chidindo.

Pa zobwereza ndi mafeki, pali mitundu itatu yoti muisiyanitse. Zobwereza zovomerezeka, monga Commemorative Series ya Hasbro ndi Transformers Collection ya Takara zomwe zinayamba mu 2002, Encore ya 2007, izi ndi zabwinobwino kungoti si zakale, ndipo zina anazisintha chifukwa cha malamulo a chitetezo cha ana, mwachitsanzo Optimus wa Hasbro wobwereza ali ndi mapaipi a utsi aafupi, timizinga tina anatitalikitsa ndipo masipuling'i anawafooketsa. Zokopera zakale, izi sizivuta kuzindikira, pulasitiki wopepuka, mitundu yachilendo, saizi yokulirapo kapena yochepa, chidindo palibe. Zoopsa ndi zachitatu, mafeki atsopano omwe anayamba kuchuluka chapakati pa zaka za m'ma 2000, okopera zonse mpaka bokosi, masitika ndi kabuku ka malangizo ndi cholinga choti aoneke ngati a 1984. Mukaona bokosi lonyezimira lopanda olo kakhwinya, mtengo wotsika, wogulitsa ali nazo khumi zofanana, tembenukani muzipita. Zilembo za pa bokosi la feki nthawi zambiri zimakhala zosathwa bwino chifukwa anachita kujambula bokosi lakale, tepi yake imakhala yoyera mbee pomwe tepi ya zaka makumi anayi imakhala itachita chikasu nkuuma.

Tiziwalo tosowa

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe oyamba kumene ambiri amapwetekera. Loboti yopanda zibakera, mfuti, timizinga kapena kadalaivala imaoneka yotchipa, mumaganiza kuti ndidzagula tinato pambuyo, koma pa zidole zosadziwika kachibakera kamodzi kamatha kudula kuposa thupi lonse, ndipo mutha kudikira zaka kasanaoneke pamsika. Pa Transformers wamba tiziwalo timapezeka chifukwa zinapangidwa zambiri, pa Beetras kapena Dorvack ayi. Nde lamulo langa ndi loti chidole chikakhala chosowa, gulani chathunthu kamodzi olo chidule, chikakhala wamba mutha kumanga pang'onopang'ono. Njira ina ndi kugula ziwiri zowonongeka mosiyana nkupanga chimodzi chabwino, izi zimagwira ntchito koma samalani ndi mitundu, pulasitiki wa zaka zosiyana kapena mafakitale osiyana safanana kwenikweni ndipo mukaziika pamodzi zimaonekera.

Palinso tiziwalo topangidwa masiku ano, ena amati repro, ndi masitika atsopano osindikiza. Sizolakwika kugwiritsa ntchito ngati mukungofuna kuti loboti ioneke bwino pa shelefu, koma lembani penapake kuti kachiwalo aka si koyambirira. Pa masitika maganizo anga ndi akuti ngati akalewo akadali pomwepo olo atapauka pang'ono asiyeni, makamaka pa chidole chosowa, chifukwa mukawamatula simungawabwezeretse ndipo nthawi zina sitika ndiyo umboni wokhawo woti chidolechi ndi cha dziko lakuti.

Mawu omwe muzikumana nawo, loose ndi chopanda bokosi, complete ndi choti tiziwalo tonse tilipo, MIB ndi chabwino chili m'bokosi koma linatsegulidwapo, MISB ndi choti bokosi silinatsegulidwe. Musakhulupirire mawuwa okha, ogulitsa ambiri amalemba complete asakudziwa kuti panayenera kukhala timizinga tinayi osati tiwiri. Werengani nokha pa chithunzi ndi mndandanda wanu uja.

Matenda a zidole zakale

Pulasitiki woyera ndi wotuwa amasanduka wachikasu chifukwa cha dzuwa ndi kutentha, Jetfire ndi Valkyrie ndi otchuka pa zimenezi. Anthu amayeretsa ndi hydrogen peroxide pa dzuwa kapena pa getsi la UV ndipo zimatheka ndithu, koma chikasucho nthawi zambiri chimabwerera pakapita nthawi, mankhwalawo amawononga masitika ndi kuchititsa dzimbiri masikuluu, ndipo pa pulasitiki wamitundu amatha kusiya mawanga otuwa. Ngati mwaganiza zoyesa, masulani chiwalocho pachokha, valani magolovesi, ndipo yambani ndi chidole chotchipa.

Choopsa kwambiri ndi chomwe otolera amati Gold Plastic Syndrome kapena GPS. Pulasitiki wina wa mtundu wa golide wokhala ndi timizere tozungulira tonyezimira, wa kumapeto kwa ma 80 ndi m'ma 90, amangofumbutuka yekha olo osamugwira mwamphamvu. Black Zarak wa 1988, Electro ndi Slingshot a Generation 2 ndi zitsanzo zodziwika. Palibe mankhwala ake, ngati mwagula chotere musachisinthe ngakhale kamodzi, chiimikeni mmene chabwerera, ndipo mupemphe wogulitsa asachisinthe pojambula kapena popakira.

Chitsulo cha die-cast nachonso chili ndi matenda ake, amati zinc pest, zinki akakhala kuti sanali woyera bwino popanga chitsulocho chimatupa, kuchita ming'alu ngati ukonde kenako kusweka, chinyezi chimafulumizitsa. Yang'anani penti ngati watukuka kapena wang'ambika mwa mizere. Chrome wonyezimira uja ndi wopyapyala kwambiri, amachoka ndi thukuta la m'manja ndi kupukutapukuta. Matayala a labala amauma nkung'ambika, kapaipi ka Shockwave nakonso chimodzimodzi. Zidole za mabatire pemphani chithunzi cha mkati moika mabatire, mukaona zoyera kapena zobiriwira ndiye kuti batire linatayikira, zochepa zimachoka ndi kathonje konyowetsa viniga kenako nkuumitsa bwino, koma ngati tizitsulo tadyeka nde ndi ntchito yowotcherera.

Ndipo chikombole chilichonse chili ndi malo ake othyoka omwe otolera amawadziwa, denga ndi mawindo a kumbuyo a Prowl, Bluestreak ndi Smokescreen, chiuno cha Mirage, mulomo wa Swoop, manja a Megatron. Musanagule fufuzani kuti chomwe mukufunacho chimathyoka pati, kenako pemphani chithunzi cha malo amenewo pafupi. Timizere toyera pa pulasitiki wamtundu ndi chizindikiro choti panapindidwa mopyola, pamenepo padzathyoka.

Kogula

eBay ndi komwe ambiri amayambira, koma musamayang'ane mtengo womwe anthu akupempha, sefani kuti muone zomwe zinagulidwa kale, umenewo ndiwo mtengo weniweni. Sakaninso ndi mawu wamba ngati a munthu wosadziwa, loboti yakale, chidole cha m'ma 80, mulu wa zidole, ndi maina olembedwa molakwika, chifukwa zosadziwika zambiri zimabisala m'milu yosakaniza momwe wogulitsa wangotchula dzina limodzi lotchuka. Kulitsani chithunzi muone kumakona.

Za ku Japan zimapezeka bwino ku Japan komweko, Yahoo! Auctions, Mercari, Mandarake ndi Suruga-ya. Mandarake imatumiza kunja mwachindunji ndipo amalemba bwino zilema za katundu, pomwe Yahoo! Auctions ndi Mercari nthawi zambiri pamafunika kampani yokugulirani monga Buyee kapena ZenMarket, iwo amalandira katunduyo nkukutumizirani. Werengerani zonse musanapikisane, mtengo wa chinthu, ndalama ya okugulirani, kutumiza mkati mwa Japan, kutumiza kunja, ndi msonkho wa kasitomu komwe muli, pena mupeza kuti zowonjezerazi zaposa chidolecho nde ndi bwino kusonkhanitsa zingapo nkutumiza mu katoni imodzi. Sakani m'Chijapani, koperani dzina la gululo nkuwonjezera 当時物 kuti mupeze za nthawi yomweyo osati zobwereza, kapena ジャンク ngati mukufuna zowonongeka zochotsako tiziwalo, kungoti zolembedwa choncho sizibwezedwa. Dziwaninso kuti okushoni zambiri za Yahoo! zimawonjezera nthawi munthu akaponya mtengo kumapeto, nde kudikira sekondi yomaliza sikuthandiza, ikani malire anu mumtima ndipo akapyola asiyeni. China chidzabwera, olo papite chaka.

Maloboti osanduka mfuti, Megatron ndi abale ake a Micro Change, amavuta kutumiza chifukwa amaoneka ngati mfuti yeniyeni, makampani ena otumiza amakana ndipo a kasitomu m'maiko ena amalanda. Funsani malamulo musanalipire.

Magulu a otolera pa Facebook ndi misonkhano ya zidole ndi abwino chifukwa mumaphunzira kwa anthu omwe agwira zinthuzi zaka zambiri, ndipo ambiri amasangalala kuthandiza mukaika chithunzi cha chidindo nkufunsa mwaulemu kuti ichi nchiyani. Pogula kwa munthu payekha pemphani chithunzi cha chidolecho pambali pa kapepala kolembedwa dzina lake ndi tsiku, ndipo lipirani kudzera njira yomwe imateteza wogula, osati yotumizirana ndalama ngati achibale. Nenani momwe mukufuna apakire, tiziwalo m'kathumba kakekake, loboti yokulungidwa bwino, katoni yolimba osati envelopu.

Chikafika

Musathamangire kuchisintha ngakhale mtima ukufuna bwanji. Jambulani kaye mmene chabwerera, werengani tiziwalo, pezani malangizo ake kapena vidiyo, ndipo ngati kunja kukuzizira chisiyeni chitenthe kaye m'nyumba chifukwa pulasitiki wozizira amathyoka msanga. Posintha gwirani pafupi ndi polumikizira osati kunsonga kwa mkono, ndipo pakalimba imani, yang'anani ngati pali kena komwe mwayenera kuyamba mwatsegula. Zidole za m'ma 80 zambiri zili ndi ndondomeko yake, mukadumpha sitepe imodzi china chimakanirira.

Kutsuka, madzi ofunda pang'ono, kasopo kofatsa, mswachi wofewa ndi timitengo ta thonje basi. Musamize chidole chonse m'madzi chifukwa masitika ndi a pepala ndipo mapini ndi masipuling'i amachita dzimbiri. Acetone ndi zochotsera penti wa m'zikhadabo zimasungunula pulasitiki, sipiriti amachotsa penti ndi chrome komanso amang'amba pulasitiki woonekera mkati, nde atalikireni. Chrome ingomupukutani mopepuka ndi kansalu kofewa kouma. Pomasula, dziwani kuti masikuluu ambiri a zidole za ku Japan ndi a JIS, amaoneka ngati Phillips koma sikuludiraiva ya Phillips imatha kutereka nkudya mutu wake, gulani ya JIS yaing'ono ndipo muzikanikiza bwino potembenuza. Pobwezeretsa tembenuzani kaye chakumbuyo mpaka mumve kuti yalowa m'mizere yakale, mukapanda kutero mumadula mizere ina ndipo kabowoko kamang'ambika. Guluu wa supa samalani naye, mpweya wake umasiya zoyera pa mawindo ndi pa chrome, ndipo akalowa polumikizira ndiye kuti basi pauma.

Malo osungira akhale opanda dzuwa, osatentha, opanda chinyezi komanso opanda utsi wa fodya. Kabati ya galasi ndi yabwino chifukwa cha fumbi, magetsi ake akhale a LED ndipo asamayake tsiku lonse. Chotsani mabatire onse lero lomwe. Timizinga musatisiye m'mfuti zake, sipuling'i imafooka ndipo kogwirira kamatha. Tiziwalo ta labala ndi pulasitiki wofewa tisakhudzane ndi styrofoam kapena pulasitiki wolimba kwa nthawi yaitali chifukwa timasungunulana nkusiya zipsera, ikani kapepala kopanda asidi pakati. Malabala omangira ndi tepi pa bokosi ayi. Magalimoto olemera a matayala a labala ndi bwino kuwaikira kena pansi kuti kulemera kusakhale pa matayala.

Zoti mupereke chidole chikayezedwe ndi makampani ngati AFA nkutsekeredwa mu bokosi la pulasitiki, zimenezo ndi za amene akusunga zosatsegula ndi maganizo odzagulitsa. Ine loboti yosanduka ndimafuna ndiziigwira nkumaona mmene amisiri aja anaganizira kuti chitseko chikhale phiko kapena boneti ikhale chifuwa, nde ndimakonda loose yathunthu yabwino kuposa yotsekeredwa, ndipo ndalama yotsalayo imapita ku chikombole china.

Pomaliza penipeni sungani kaundula, kaya m'kope kaya mu kompyuta. Chidole chilichonse chikhale ndi mzere wake, dzina, kampani, mawu onse a pa chidindo monga alembedwera, mtundu, tiziwalo tomwe tilipo ndi tomwe tikusowa, zomwe mwakonza kapena kusintha, komwe munagula, tsiku ndi mtengo, ndi zithunzi za kutsogolo, kumbuyo ndi pansi. Tiziwalo tikhale m'timatumba tolembedwa nambala yomweyo ya mu kaundula. Mukapeza chokopera chopanda dzina kapena mtundu womwe simukuuona pa mndandanda uliwonse, jambulani bwino chidindo, bokosi mbali zonse ndi kabuku ngati kalipo nkuika m'magulu a otolera, chifukwa zambiri zomwe zikudziwika lero za Antex, El Greco ndi zokopera za ku Taiwan zinasonkhanitsidwa choncho, ndipo mwina wina ali ndi bokosi la loboti yomwe inu muli nayo thupi lokha.